Musanagule Malo Okapumirako Ukalamba Kumidzi Yozizira ya Kumpoto

Anthu ambiri amene amalakalaka kukakhala kumidzi ya kumpoto kwa dziko lapansi akadzapuma pa ntchito amayamba kuwakonda maderawo atawaona mu Julayi, pamene dzuwa limachedwa kulowa, nyanja zili zii, nkhalango za paini zili biriwiri, ndipo mtengo wa malo ukuoneka wotsika poyerekeza ndi wa m'mizinda. Vuto n'lakuti mu Julayi malo abwino ndi oipa amafanana nkhope. Langizo langa loyamba, limene malangizo ena onse m'nkhani ino atsamirapo, ndi lakuti musapereke ndalama zanu musanakhale m'deralo nyengo yozizira yonse, kuyambira Novembala mpaka chipale chofewa chitasungunuka mu Epulo kapena Meyi. Chitani lendi nyumba pafupi ndi malo amene mwawasirira, muziwayendera sabata ndi sabata, ndipo chilichonse chimene mukuona muzichiyeza ndi mphamvu zimene mudzakhale nazo pa zaka 80, osati zimene muli nazo pa zaka 60.

Yambani ndi kumvetsa mtundu wa kuzizira kumene kuli m'deralo, chifukwa kukhala kumpoto kwambiri sikutanthauza kuzizira kwambiri. Mzinda wa Bergen ku Norway uli pa madigiri 60 kumpoto kwa Ikweta, komabe mu Januwale masiku ambiri kutentha kumakhala pamwamba pang'ono pa ziro, pamene madzi amayamba kuundana, chifukwa madzi ofunda a m'nyanja ya Atlantic amafika m'gombe lake. Winnipeg ku Canada ali pa madigiri 50 okha, koma pokhala pakati pa mtunda, kutali ndi nyanja yaikulu, mu Januwale amakhala pa madigiri pafupifupi 16 pansi pa ziro. Kugombe kumakhala mvula, chifunga, mphepo ndi chinyezi cholowa m'mafupa, ndipo kutentha kumasewera pafupi ndi ziro, zimene zimachititsa kuti madzi asungunuke masana n'kuumanso usiku, njira n'kusanduka galasi. Kumtunda kumakhala kuzizira kouma, kowawa, koma kokhazikika. Munthu wodwala nyamakazi ndi munthu wodwala chifuwa sangasankhe mofanana pa mitundu iwiriyi, choncho kambiranani ndi dokotala wanu musanatsimikize. Pofufuza ziwerengero za nyengo ku nthambi yoona zanyengo ya dzikolo, musakhutire ndi chiwerengero chapakatikati cha mwezi. Funsani za usiku wozizira koposa m'zaka 30 zapitazi, kuchuluka kwa masiku amene kumakhala pansi pa madigiri 20 pansi pa ziro, tsiku limene chisanu chimayamba ndi limene chimatha, komanso mbali imene mphepo imachokera.

Chipale nachonso sichigwa mofanana. M'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu za pakati pa Canada ndi United States, mphepo yozizira ikadutsa pamwamba pa madzi amene sanaundane imanyamula chinyezi n'kukachikhuthula kutsidya, moti madera monga Keweenaw ku Michigan amalandira chipale chopitirira mamita 5 pa chaka, pamene malo ena osatalikirana nawo kwambiri amalandira chochepa ndithu.

Mdima ndi nkhani imene ambiri amaipeputsa, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa kuzizira, chifukwa kuzizira mungakugonjetse ndi zovala ndi moto. Pa 21 Disembala, kumpoto kwa Minnesota kapena ku Maine, zigawo za United States, kumawala maola opitirira pang'ono 8. Ku Oslo ku Norway ndi ku Helsinki ku Finland kumawala maola osakwana 6. Ku Fairbanks ku Alaska maola osakwana 4. Ndipo ku Tromsø, kumpoto kwa Norway, dzuwa silituluka n'komwe kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Kwa munthu amene sakupitanso kuntchito, amene alibe chomudzutsa m'mawa, mdima wautali umasokoneza tulo ndipo kwa ena umabweretsa kukhumudwa kwenikweni kofunika chithandizo. M'miyezi imeneyi dzuwa limakhalanso lofooka moti khungu silipanga vitamini D wokwanira, amene mafupa a okalamba amamufuna kwambiri. Palibe buku limene lingakuuzeni mmene mtima wanu ndi wa mnzanu wapabanja udzachitire ndi mdima wotere. Muyenera kuudziwa poukhala.

Tsopano tifike pa malo enieniwo. Kumpoto kwa dziko lapansi dzuwa la m'nyengo yozizira limayenda chakumwera, ndiponso limayenda motsika kwambiri. Pa madigiri 60 kumpoto kwa Ikweta, masana a tsiku lalifupi koposa, dzuwa limakwera madigiri osakwana 7 kuchokera pomwe thambo limakumana ndi dziko, kutanthauza kuti mtengo wotalika mamita 20 umaponya mthunzi wopitirira mamita 170. Malo ozunguliridwa ndi mitengo ya paini kumwera kwake, kapena okhala kuseri kwa phiri, angathe kukhala miyezi itatu osaona dzuwa ngakhale kunja kutayera. Choncho funani malo otsetsereka pang'ono moyang'ana kumwera, otseguka mbali imeneyo, koma okhala ndi mitengo kumpoto ndi kumadzulo yotchinga mphepo. Imani pamalo pamene mukufuna kumanga nyumba masana a mu Disembala, muone ndi maso anu ngati dzuwa likufikapo.

Pewani pansi penipeni pa chigwa, ngakhale pamaoneka pobisika bwino. Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda, ndipo usiku wopanda mitambo ndi mphepo umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'malo otsika. Ku Fairbanks n'zodziwika kuti nyumba za m'mapiri ozungulira mzinda zimakhala zofundirapo kwambiri kuposa za m'chigwa usiku womwewo. Pamwamba penipeni pa phiri napo mphepo imakuntha mosalekeza ndipo imaunjika chipale pamsewu. Pakatikati pa chitsetse ndi pamene pali bwino: chisanu chimachedwa kufika, chimafulumira kuchoka, ndipo madzi sadikha.

Nthaka ya kumpoto ili ndi khalidwe limene womanga wa kumadera otentha salidziwa. Madzi akamaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100, ndipo m'dothi losalala ngati ufa, limene limakoka madzi kuchokera pansi, mumapangika zigawo za madzi oundana zimene zimakankhira nthaka m'mwamba ndi mphamvu yokwanira kung'amba maziko, kupotoza zitseko ndi kutukula mizati ya mpanda. Mchenga wokhakhala ndi miyala ing'onoing'ono sizichita zimenezi kwenikweni chifukwa sizisunga madzi. N'chifukwa chake maziko ndi mapaipi a madzi amayenera kupita pansi kupitirira pamene chisanu chimalekezera. Malamulo a zomangamanga a ku Minnesota, mwachitsanzo, amafuna kuti maziko azame mita imodzi ndi theka kumpoto kwa chigawocho, ndi mita imodzi ndi pang'ono kumwera. Dera lililonse lili ndi muyeso wake, ndipo ofesi yopereka zilolezo zomangira idzakuuzani. Musanagule, lipirani katswiri kuti akumbe maenje angapo oyezera, aone mtundu wa dothi, kuya kwa thanthwe ndi pamene madzi apansi amalekezera. Ngati mukugula nyumba yomanga kale, tsikirani m'chipinda chapansi m'nyengo yosungunuka, muyang'ane ming'alu, zizindikiro za madzi pakhoma ndi fungo la nkhungu.

Kumpoto kwenikweni, m'madera ena a Alaska, kumpoto kwa Canada ndi Siberia, kuli nthaka imene imakhala youndana zaka ndi zaka osasungunuka. Nyumba yofunda ikamangidwa pamwamba pake mosasamala imaisungunula, ndipo imayamba kumira mbali imodzi. Mitengo imachenjeza: timitengo ta black spruce topinimbira, topendekera uku ndi uku pamalo a ndere, nthawi zambiri timasonyeza nthaka yotere kapena dambo, pamene mitengo ya birch ndi aspen yokula bwino imasonyeza nthaka youma ndi yofunda. Popeza madera a kumpoto kwenikweniwa, otchedwa Arctic, akutentha mofulumira kuposa dziko lonse, nthaka imene inali yolimba m'mbuyomu siingadaliridwenso chimodzimodzi. Kwa munthu wopuma pa ntchito, amene ndalama zake sizibwereranso zikapita, ndinganene mosabisa kuti malo otere angowasiya.

Madzi akumwa ndi zimbudzi ndi udindo wanu nokha kumidzi yambiri. Yezetsani madzi a pachitsime kapena pamjigo ku labotale, osati za tizilombo zokha komanso za poizoni wotchedwa arsenic, amene amapezeka mwachilengedwe m'matanthwe ena monga a ku Maine ndi New Hampshire. Bungwe la World Health Organization limaika malire pa mamaikulogalamu 10 pa lita. M'madera a miyala ya granite, monga mbali zambiri za Finland ndi Sweden, yezetsaninso mpweya wa radon m'nyumba, chifukwa ulibe fungo koma umayambitsa khansa ya m'mapapo. Malo amene dothi lake silimwa madzi, kapena thanthwe lili pafupi, angakanizidwe chilolezo cha thanki ya zimbudzi yanthawi zonse, ndipo njira zina zimadula kwambiri. Ikani m'pangano logulira kuti malonda adzatheka pokhapokha zoyeza zimenezi zikatuluka bwino.

Msewu ndi umene umasankha ngati mudzakalambire pamalopo kapena mudzasamuke mokakamizidwa. Funsani ku khonsolo kuti amene amachotsa chipale pamsewu wodutsa pamalopo ndani, amafika nthawi yanji chipale chikagwa, ndiponso ngati msewuwo umasamalidwa chaka chonse, pakuti ina imatsekedwa nyengo yozizira yonse. Onetsetsani kuti ufulu wodutsa pamalo a mnansi walembedwa m'zikalata za umwini, osati pakamwa chabe. Kanjira kochoka pamsewu kufika pakhomo kakhale kafupi ndi kosatsetsereka, popeza pa mita iliyonse mudzachotsapo chipale inuyo kapena kulipira wina, ndipo kuchotsa chipale ndi fosholo pa kuzizira ndi ntchito imene madokotala a mtima amachenjeza okalamba kuti aisamale. Kenaka yendetsani galimoto kuchoka pamalopo kufika kuchipatala chimene chimalandira odwala mwadzidzidzi usiku, mu Febuluwale, muwerenge mphindi zake. Matenda a mtima ndi sitiroko sadikira, ndipo kugwa pa madzi oundana n'kuthyoka fupa la m'chiuno ndi ngozi yofala kwa achikulire. Matayala a nyengo yozizira ndi ofunika kulikonse. Ku Quebec, chigawo cha Canada, ndi lamulo kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi.

Walira mvula walira matope, ndipo wofuna chipale ayenera kulandiranso kusungunuka kwake. Kwa milungu ingapo dothi lapamwamba limasungunuka pamene lapansi likadali loundana gwa, madzi amasowa kolowera, misewu yadothi imasanduka phala, ndipo maboma ambiri amaletsa magalimoto olemera kudutsa. Mitsinje imatsekeka ndi zibuma za madzi oundana n'kusefukira pamalo pamene m'chilimwe pamaoneka pouma. Iyi ndi nyengo yabwino koposa yoyendera malo ndi nsapato zajombo, kuti muone pamene madzi adikha ndi kumene akulowera.

Pa nyumba, werengerani kulemera kwa chipale padenga. Chipale chonyowa chingalemere makilogalamu 400 pa kiyubiki mita, ndiye chikaunjikana theka la mita padenga la masikweya mita 100, denga limasenza matani 20. Denga lotsetsereka la malata limachitaya lokha, koma lisachitayire pakhomo. Khalani ndi njira ziwiri zofunditsira nyumba, imodzi yosadalira magetsi. Mu Januwale 1998 mvula youndana inagwetsa mizati ya magetsi ku Quebec, Ontario, New York ndi Maine, anthu mamiliyoni anakhala mumdima, ena kwa milungu ingapo. Mbaula ya nkhuni imapulumutsa pa nthawi yotere, koma nkhuni ziyenera kuwazidwa ndi kuumitsidwa chilimwe chathunthu kapena kupitirira, chumuni iyenera kupalidwa mwaye chaka chilichonse, ndipo m'nyumba mukhale kachipangizo kochenjeza za mpweya wakupha wa carbon monoxide. World Health Organization imalimbikitsa kuti m'nyumba kutentha kusatsike pansi pa madigiri 18, ndipo okalamba amafuna kufunda koposerapo, choncho pemphani mwini nyumba akuonetseni malisiti a mafuta, magetsi ndi nkhuni a zaka zitatu.

Wofuna kulima awerenge masiku opanda chisanu, amene m'madera ambiri otere amangokwana miyezi itatu kapena inayi. Dothi la pansi pa nkhalango za paini nthawi zambiri limakhala la asidi ndi losabereka, lofuna laimu ndi manyowa, komanso lodzaza miyala imene madzi oundana a makedzana anasiya. Mbatatesi, kabichi, karoti ndi nsawawa zimachita bwino chifukwa cha masiku aatali a m'chilimwe, koma tomato amafuna kanyumba kapulasitiki. Chilimwe chili ndi zake: udzudzu ndi tintchentche toluma pafupi ndi madambo, nkhupakupa zofalitsa matenda a Lyme, ndi moto wolusa, umene ku Canada mu 2016 unasamutsa anthu a ku Fort McMurray ndipo mu Ogasiti 2023 unasamutsa a ku Yellowknife. Lambulani mitengo ndi zitsamba kuzungulira nyumba, ndipo funsani a inshuwalansi musanagule ngati angavomere malowo.

Mahekitala ambiri amakopa chifukwa ndi otchipa, koma aliyense amadza ndi msonkho, mpanda, mitengo yogwa ndi mtunda wokutalikitsani ndi anthu. Hekitala imodzi kapena ziwiri m'mphepete mwa mudzi, pamsewu wosamalidwa, pomwe nyali ya mnansi imaoneka usiku, zimakwanira dimba, nkhuni ndi bata. Pa miyezi ya lendi ija, chezani ndi amene akhalako zaka zambiri, makamaka woyendetsa galimoto yochotsa chipale, wokumba mijigo ndi namwino wa m'deralo, muwafunse kuti ndi nyumba ziti zimene madzi amaundana m'mapaipi ake, ndi msewu uti umene umatsekeka koyamba, ndiponso kuti okalamba amene anachoka m'mudzimo anachoka chifukwa chiyani.