Kukhothi musapite ndi mkwiyo okha pa nkhani ya mwana

Chitsegulireni sukulu teremu ino ndaona makolo angapo amene banja linatha akukokana kukhothi pa nkhani ya ana, ndipo cholakwika chake ndi chimodzimodzi basi. Munthu amafika atakonzeka kufotokoza zoipa za mnzake, eti anali wachimasomaso, eti amalezera, eti apongozi ankandinyoza, mpaka za mbuzi yomwe inagulitsidwa dzana, koma a majisitireti akafunsa kuti mwanayu ali sitandade chani, yunifolomu anagula ndani, anadwala liti komaliza ndipo anapita naye kuchipatala ndani, munthu kukamwa yasaa.

Abale, tsiku limenelo khothi silikuyesa amene anali mkazi wabwino kapena mwamuna wabwino ayi. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, Child Care, Protection and Justice Act, limaika patsogolo zomwe zingamukomere mwanayo, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense amene sanakwane zaka 18. Zoti kwathu ndi kuchikamwini ndiye ana ndi a kwa mayi, kapena ndinapereka lobola ndiye ana ndi anga, zimenezo pazokha sizikupatsani mwana, ndatopa nazo kubwereza. Ndiye mlandu umangosunthidwa tsiku kuti mukabwere ndi umboni, thiransipoti yapita, masiku akumunda apita, mwana nayenso wajomba kusukulu kumangomva makolo ake akutukwanizana.

Pali bambo wina mlimi wa soya amene anandimvetsa chisoni. Iyeyu amathandiza ndithu, akakolola amakweza matumba a chimanga panjinga kukasiya kwa apongozi ake akale komwe kumakhala mwana, koma amapita madzulo kuti anthu asamuone, eti manyazi. Wopanda mboni, wopanda mkhoswe, wopanda ngakhale kulemba pakapepala. Tsiku la mlandu mayi a mwanayo anangoti chisiyanirane sanaperekepo kalikonse, bambo aja kuyamba kukalipa kuti mkaziyu ndi wabodza kuyambira kale, ndiye mukuganiza kuti zinawathandiza? Atatuluka anandiuza kuti "achimwene, njinga yanga ikanatha kuyankhula bwenzi nditapita nayo." Ndinaseka koma zinandiwawa. Ndalama zina ankatumiza pa Airtel Money, mameseji onse anafufuta kuti foni inadzaza.

Amayi nanunso chimodzimodzi, mwana mukumulera nokha usana ndi usiku koma buku lake lakuchipatala munasiya kunyumba, mwabwera ndi mameseji achikondi omwe munapeza mufoni ya bamboyo.

Ndiye mwachidule, sungani marisiti ndi mameseji a Airtel Money kapena Mpamba, tengani buku lakuchipatala, malipoti akusukulu ndi chiphaso chakubadwa cha mwana ngati munatenga ku NRB, ofesi ya boma yopereka ziphaso. Chimanga mukamapereka pakhale mkhoswe kapena a mfumu. Ganiziranitu zomwe mukupempha, mwana azikhala kuti, winayo azimuona liti, holide azipita kuti. Mwana musamuphunzitse zokanena, ndipo musakamutenge kusukulu mozemba mlandu usanathe. A social welfare akabwera kudzaona pakhomo alandireni, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya pitani ku Legal Aid Bureau msanga, osati mawa lake kuli mlandu.