Kutumiza filimu ku chikondwerero cha pachaka: zokonza isanafike kwa majaji

Mafilimu ambiri amagwa majaji asanawaone n'komwe. Zikondwerero zimakhala ndi anthu osefa omwe amaonera mafilimu mazanamazana, ndipo mawu akakhala osamveka m'mphindi zoyambirira amatseka n'kupita pa ina, nkhani ingakome bwanji.

Yambani ndi kusankha kopita. Durban International Film Festival, yomwe idayamba mu 1979, imachitika mu July. Zanzibar International Film Festival ili pafupi nafe ndipo mphoto yake yaikulu ndi Golden Dhow. Sundance ya ku America imachitika mu January, koma imatseka kulandira miyezi ingapo m'mbuyo. FESPACO ya ku Ouagadougou, ku Burkina Faso, musaiwerengere chaka chilichonse, imabwera pakatha zaka ziwiri. Zikondwerero zambiri zimalandira kudzera pa tsamba la pa intaneti la FilmFreeway. Werengani malamulo onse, makamaka utali ndi chaka chomwe filimu idamalizidwa. Ambiri amati yaifupi isapitirire mphindi 40, komabe ya mphindi 12 kapena 15 imapeza malo msanga, chifukwa okonza pulogalamu amalongedza mafilimu angapo m'nthawi imodzi yoonetsera.

Musaiike pa YouTube kapena Facebook. Apa m'pomwe ambiri amadzipweteka okha: filimu yatha Lachisanu, Loweruka anzawo a ku Chilomoni ayamba kale kugawana pa WhatsApp. Zikondwerero zikuluzikulu zimafuna kukhala zoyamba kuonetsa, ndiye yomwe yafalikira kale imataya mwayi. Ikani pa tsamba la mavidiyo la Vimeo ndi password, ndipo linkiyo musaisinthe mpaka zotsatira zituluke.

Mawu ndiye nkhani yaikulu. Maikolofoni ya pa kamera ikakhala mamita atatu kuchokera kwa wosewera, mumsika wa Ndirande kapena pa depoti ya Limbe, imatola oitanira minibasi, osati wosewerayo. Pezani maikolofoni ya pandodo, ikhale pamwamba pa mutu wake osapitirira theka la mita, kapena yaing'ono yobisa m'malaya, ndipo jambulani pa 48 kHz. Nthawi ya chiperoni ivekeni chophimba chaubweya, apo ayi mphepo imveka ngati bingu. Jenereta ikhale kuseri kwa khoma ndi chingwe chachitali. Mukamaliza pamalo aliponse, onse akhale chete mphindi imodzi mujambule phokoso la malowo. Wodula filimu amatsekera nalo mipata; popanda ilo, mawu amaduka mwadzidzidzi pakati pa ziganizo ndipo m'holo aliyense amamva.

Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho jambulani pa mafulemu 25 pa sekondi, shutter pa 1/50, kuti mababu asaphethire pa chithunzi. Mukasankhidwa angakupempheni DCP, mtundu womwe makina a m'sinema amawerenga. Funsani ngati amalandira mafulemu 25 pa sekondi. Akaumirira 24, filimu ya mphindi 100 imakhala ya mphindi 104 ndipo mawu amamveka a besi pang'ono ngati sanakonzedwe.

Konzani mafayilo awiri. Yotumizira osefa ikhale ya mtundu wa H.264, 1920x1080, ya mphindi 15 pa 10 Mbps imadya pafupifupi 1.1 GB. Yosunga ikhale ya mtundu wa ProRes 422 HQ, yomwe pa utali womwewo imafika cha m'ma 20 GB. Imeneyi musayese kuikweza ndi bandulo ya pafoni usiku wa tsiku lotseka. Isungeni pa ma hard drive awiri, m'nyumba ziwiri zosiyana.

Ma subtitle a Chingerezi akhale mu fayilo ya SRT, mizere isapitirire iwiri, zilembo 42 pa mzere, ndipo akhale pa sikirini sekondi imodzi kufika zisanu ndi chimodzi. Samalani ndi miyambi. Agogo akati "walira mvula walira matope", jaji wa ku Durban sapindula ndi mvula ndi matope zomasulira liwu ndi liwu. Lembani zomwe agogowo akutanthauza. Mupatse munthu wosamva Chichewa aonere yekha, kenako akufotokozereni nkhaniyo. Pomwe wasochera ndi pomwe pali ntchito.

Nyimbo yomwe ikumveka pa wailesi m'bala lomwe mwajambulamo ili ndi mwini wake. Zimitsani wailesiyo pojambula, nyimbo muike pambuyo. Pezani chilolezo cholembedwa kwa wopeka nyimbo komanso kwa mwini wa chojambulidwacho, chifukwa nthawi zina ndi anthu awiri osiyana. A COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso, angakuthandizeni kuwapeza. Osewera onse asayine kalata yovomereza, ana awasayinire makolo.

Ndalama yolowera amalipiritsa m'madola, ndipo imakwera tsiku lotseka likamayandikira. Tumizani msanga. Ngati khadi yanu ikukana, lembani kalata yaifupi yopempha kuti akukhululukireni malipiro, munene dziko lanu, utali wa filimu ndi chiganizo chimodzi cha nkhani yake.

Pa mphoto, siyanitsani ya majaji ndi ya oonera, yomwe imatengera mavoti a m'holo. Palinso mphoto zosadalira chikondwerero, monga Africa Magic Viewers' Choice Awards (AMVCA) ya ku Lagos, komwe Joyce Mhango Chavula adapambana mu 2016 ndi Shemu Joyah mu 2018, onse m'gulu la filimu yabwino ya kummwera kwa Africa. Mayina a wojambula, wodula ndi wokonza mawu alembeni molondola pa fomu, chifukwa okonza amakopera pomwepo. Chizindikiro cha chikondwerero, cha dzina lake lozunguliridwa ndi masamba, muike pa posita pokhapokha kalata yoti mwasankhidwa yafika.