Kakoma ka m'mwamba kakamagwetsa query yanu

Anzanga amene mumalemba mapulogalamu olumikizana ndi database, pali vuto lina limabwera mwakachetechete, ambiri timalizindikira anthu atayamba kale kugwiritsa ntchito pulogalamu. Poyesa munalemba mbuzi mu bokosi lofufuzira zonse zinayenda bwinobwino, lero munthu walemba ng'ombe basi syntax error. Chachitika n'chakuti mu SQL, chilankhulo cholamulira database, mawu amatsekeredwa pakati pa timakoma tiwiri ta m'mwamba ('), ndiye query, funso lomwe mumatumiza ku database, ikakhala WHERE dzina = 'ng'ombe' database imaona ngati mawu athera pa ng, kenako ombe yotsalayo imayesa kuiwerenga ngati lamulo. Ife olemba Chichewa ndiye sitingathawe, m'mawa, ng'oma, n'chifukwa, kakomako kali paliponse.

Komatu error imeneyo ikukuchenjezani, chifukwa khomo lomwelo ndi limene akuba amalowera. Wina akalemba ' OR '1'='1 pamalo a pasiwedi inu n'kungomata mawuwo ku query, funso lanu limakhala loona pa mzere uliwonse wa tebulo ndipo munthu walowa opanda pasiwedi. Imeneyo ndiye SQL injection mumamva ija.

Ambiri amathamangira replace, kakoma kamodzi kasanduke tiwiri. Inde SQL imavomereza zimenezo koma ine sindikulangizani, chifukwa ma database sagwirizana. MySQL imatenga backslash (\) ngati escape, kutanthauza chizindikiro chosintha tanthauzo la chizindikiro chotsatira, pokhapokha mutayatsa NO_BACKSLASH_ESCAPES, pomwe PostgreSQL kuyambira 9.1 imaiona ngati chizindikiro wamba, ndiye zomwe zagwira kuno mawa zikugwetsani uko. Ngakhale PHP inayesapo kutchinjiriza yokha ndi magic quotes, anadzazichotsa mu 5.4.

Chitani izi, query ipite payokha, mawu a munthu apitenso paokha. Lembani WHERE dzina = ? kenako ng'ombe ija muipereke ngati parameter, database idziwiratu kuti awa ndi mawu chabe osati lamulo, kaya muli timakoma khumi. SQLite ndi PDO ya PHP zimalandira ?, PostgreSQL imagwiritsa $1, psycopg2 ya Python imagwiritsa %s. Pa %s pamenepa samalani chonde, musaizungulize ndi timakoma, komanso musaidzaze nokha ndi f-string kapena % ya Python chifukwa mukatero mwabwerera komwe kuja komata mawu.

Tsono pali malo amene parameter siikuthandizani, ndipo apa ndi pomwe ngakhale odziwa amapunthwa. Mu LIKE, lamulo la SQL lofufuzira mawu ofananirako, chizindikiro cha % chimaimira zilembo zilizonse, _ imaimira chilembo chimodzi, ndipo zikabwera mu parameter zimagwirabe ntchito yomweyo. Munthu akafufuza 50% amalandira 500 ndi 5000 zomwe, akangolemba % yokha amakoka tebulo lonse. Sankhani chizindikiro chimodzi monga !, onjezani ESCAPE '!' kumapeto kwa LIKE yanuyo, kenako muike ! patsogolo pa % ndi _ iliyonse ya m'mawu a munthuyo. Yambani ndi ! amene munthuyo walemba yekha, muwawirikize kaye, mukayamba ndi zinazo mudzawirikiza ndi anu omwe.

Mayina a matebulo ndi ma column nawonso salowa mu parameter. Ngati munthu akusankha yekha kuti zotsatira zisanjidwe bwanji, khalani ndi mndandanda wanu wa mayina ololedwa, china chilichonse chikanidwe. Tebulo musalitche order kapena group, awa ndi mawu a SQL yeniyeniyo, koma ngati munalipeza kale choncho litsekereni, "order" mu PostgreSQL, `order` mu MySQL.

Mukamalumikiza database ndi adiresi yokhala ngati URL yang'ananinso pasiwedi. Ikakhala ndi @ kapena # adiresi imadukira pamenepo ndipo mudzataya tsiku lonse mukuganiza kuti seva yafa, pomwe kunali kungolemba %40 m'malo mwa @ ndi %23 m'malo mwa #.