Momwe mungawetere nkhono zodya ndere mu thanki ya nsomba yokhala ndi zomera

Ndere zikayamba kuphimba galasi la thanki ndi masamba a zomera zanu, nkhono zimathandiza kwambiri chifukwa zimafika pomwe siponji siifika: pansi pa masamba a zomera monga Anubias, m'ming'alu ya miyala ndi m'makona a galasi. Koma dziwiranitu kuti nkhono zimangodya ndere zomwe zamera kale. Ngati chomeretsa nderezo simunachikonze, zimera mofulumira kuposa momwe nkhono zingadyere, ndipo mudzangoti munagula nkhono zaulesi.

Yambani ndi getsi ndi chakudya

Getsi la pathanki liziyaka maola 6 mpaka 8 patsiku basi. Thanki isakhale pafupi ndi zenera lomwe dzuwa limawombapo. Nsomba muzizipatsa chakudya chimene zingamalize m'mphindi ziwiri kapena zitatu, chifukwa chotsalacho chimaola n'kusanduka manyowa a ndere. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo ena. Mukatero, ndiye mutha kuganiza za nkhono.

Musatole nkhono kunyanja kapena kudambo

Apa ndiye pofunika kumvetsetsana, makamaka kwa ife a kuno kwathu. Nkhono zili mbwee m'madambo, m'mitsinje ndi m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, ndipo munthu angaganize kuti n'kutaya ndalama kugula chinthu chongotola. Vuto ndi likodzo. Nkhono za mtundu wa Bulinus, monga Bulinus globosus ndi Bulinus nyassanus yomwe imapezeka ku Cape Maclear, ndi zomwe zimasunga tizilombo ta likodzo la m'chikhodzodzo. Za mtundu wa Biomphalaria zimasunga ta likodzo la m'matumbo, ndipo chigoba chake n'chozungulira chophwatalala, chofanana kwambiri ndi cha nkhono za ramshorn zomwe anthu amaweta m'mathanki. Ndi maso okha simungazisiyanitse bwinobwino.

Tizilomboti timatuluka mu nkhono, timasambira m'madzi, kenako timaboola khungu la munthu. Ndiye taganizani kuti mumapisa dzanja mu thanki kangati podulira zomera kapena pokonza miyala, osanenanso za ana omwe amakonda kuseweretsa madzi. Nkhono imatenga tizilomboti ikakhala m'madzi omwe mwagwera mkodzo kapena chimbudzi cha munthu wodwala, choncho yobadwira ndi kukulira mu thanki ilibe vutoli. Gulani kwa ogulitsa nsomba za m'thanki kapena kwa anzanu oweta, ndipo funsani komwe nkhonozo zinachokera. Zomera zozula kudambo nazo zimabwera ndi nkhono zing'onozing'ono ndi mazira ake, ndiye muzizipewanso.

Sankhani mtundu

Mukandifunsa ine, nerite ndiyo yoyenera kuyamba nayo. Yamizeremizere ija, Neritina natalensis, kwawo ndi m'mitsinje ya m'mbali mwa nyanja yamchere ku Mozambique, South Africa, Tanzania ndi Kenya. Imakula masentimita awiri kapena atatu, siidya zomera zamoyo, ndipo imapala ndere zofiirira zomwe zimavuta m'thanki yatsopano komanso timadontho tobiriwira touma tomwe timakakamira pagalasi. Ubwino wake waukulu ndi woti siichulukana m'madzi opanda mchere. Yaikazi imaikira ndithu mazira, timadontho toyera tonga chitowe pamiyala ndi pamitengo, koma ana ake amafuna madzi amchere kuti akule. Mazirawo amanyansa kuwaona ndipo ndi ouma kupala, zimenezo mungozivomera. Ikani nerite imodzi pa malita 20 aliwonse. Mukachulukitsa, ndere zitha ndipo nkhono zifa ndi njala.

Ramshorn imadya ndere zofewa, masamba oola ndi chakudya chotsala. Iliyonse imakhala ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi, ndiye ziwiri zokha zimakwana kudzaza thanki ngati chakudya chikutsala. Malaysian trumpet, yachigoba chosongoka, imakhala mumchenga usana n'kutuluka usiku. Imatembenuza mchenga, zomwe zimathandiza mizu ya zomera, koma pagalasi siichita zambiri, ndipo imodzi yokha imatha kubereka popanda yaimuna.

Chenjerani ndi apple snail. Ya mtundu wa Pomacea diffusa, yomwe ogulitsa amaitcha mystery snail, nthawi zambiri imasiya zomera zamoyo. Koma Pomacea canaliculata imafanana nayo ndipo imamaliza zomera zonse za m'thanki. Ndi yomweyi yomwe inapezeka ikuwononga mpunga ku Mwea, m'dziko la Kenya, mu 2020, ndipo mayiko a European Union analetsa kulowetsa nkhono za Pomacea kuyambira 2012. Ngati wogulitsa sakudziwa mtundu womwe ali nawo, isiyeni.

Pali ndere zina zomwe nkhono sizilabadira: zakuda zonga ndevu zomwe zimamera m'mphepete mwa masamba, zazitali zonga ulusi, ndi zoterera zobiriwira modera zomwe zimayala pamchenga n'kumanunkha. Zimenezo n'zochotsa ndi manja.

Konzani madzi

Chigoba cha nkhono chimapangidwa ndi kashiamu, ndipo madzi a asidi amachidya pang'onopang'ono. Mukaona chigoba chikuyera kunsonga kapena chikuchita timaenje, vuto ndi limenelo. pH, womwe ndi muyeso wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 7 ndi 8, kutentha kukhale madigiri 22 mpaka 28. Ngati madzi anu ndi ofewa, kapena mumathira mpweya wa CO2 kuti zomera zikule msanga, ikani kachidutswa ka cuttlebone, kaja amapatsa mbalame zoweta, kapena makorali (miyala ya m'nyanja yamchere) ophwanya mu fyuluta yosefa madzi.

Madzi a pampopi muyambe mwathiramo mankhwala ochotsa kolorini. Thanki ikhale yoti yayenda kale masabata angapo, ammonia ndi nitrite (poizoni wochokera ku ndowe za nsomba ndi zinthu zoola) zili pa 0, ndipo ndere zayamba kuoneka. Nerite yoikidwa mu thanki yoyera mbee ilibe chodya. Chinanso ndi kopa. Mankhwala ambiri ochiza nsomba komanso ena ophera ndere amakhala ndi kopa, ndipo amapha nkhono. Werengani pabotolo musanathire, ndipo nsomba yodwala muziichiritsira mu chotengera china.

Kuzilowetsa mu thanki

Nkhono zatsopano zisungeni kaye pazokha masabata awiri kapena kuposerapo, mu chidebe chokhala ndi kapampu kopopera mpweya m'madzi ndi mwala wandere, kuti muone ngati zili bwino. Tsiku losamutsa, ziikeni m'kabakuli ndi madzi omwe zinalimo, ndipo muzithiramo madzi a mu thanki pang'onopang'ono kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi. Kenako tolani nkhono zokha, madzi a m'kabakuli mutaye. Musaziponye m'madzi. Ikhazikeni iliyonse pamwala kapena pamchenga pakamwa pa chigoba pali pansi, chifukwa nerite ikagwa chagada imavutika kudzitembenuza ndipo imatha kufera pomwepo.

Vundikirani thanki. Nerite imakwera kutuluka m'madzi, ndipo m'mawa mumaipeza pansi pa tebulo. Mukaipeza msanga ibwezereni m'madzi, kawirikawiri imakhala ikadali moyo.

Onaninso nsomba zomwe muli nazo. Clown loach ndi puffer zimadya nkhono, goldfish imameza zing'onozing'ono, ndipo mbuna zimakonda kuzijompha mpaka nkhono imaleka kutuluka m'chigoba. Tetra, guppy, rasbora ndi corydoras zimakhala nazo bwino.

Ndere zikatha, kapena nkhono zikachuluka

Galasi likayera, nkhono zimafunika kudyetsedwa. Ramshorn ndi mystery snail zimalandira kachidutswa ka nkhaka kapena sipinachi wofutsa pang'ono. Chotsalacho muchichotse m'mawa mwake chisanaole. Nerite nthawi zambiri imakana zimenezi. Njira yake ndi kuika miyala ingapo m'botolo la madzi pazenera padzuwa mpaka itachita ndere, n'kumaisinthanitsa ndi ya mu thanki.

Ramshorn kapena trumpet zikachuluka mwadzidzidzi, ndiye kuti mukudyetsa nsomba mopitirira. Chepetsani chakudya, ikani nkhaka pansi usiku, m'mawa muitulutse ndi nkhono zomwe zaunjikanapo. Ena amaika assassin snail, nkhono yodya zinzake, koma imeneyo siisankha, imatha kudyanso yomwe inu mumaikonda. Mankhwala ophera nkhono apeweni, chifukwa zikafera pamodzi mumchenga madzi amaipa n'kuphanso nsomba. Zomwe mwachotsazo patsani anzanu oweta kapena muziphe kaye musanataye. Musazithire mu ngalande, mumtsinje kapena m'munda wa mpunga.

Nkhono ikakhala malo amodzi tsiku lathunthu musafulumire kuitaya, nerite imatha kupuma nthawi yaitali. Itulutseni n'kuinunkhiza. Ngati kachitseko ka pachigoba kali kotseka ndipo palibe fungo, ibwezereni. Yakufa imanunkha moti simungakayike, ndipo ikatero ichotseni nthawi yomweyo n'kusintha gawo la madzi.