Kusankha hotelo ya hanemuni mu Blantyre

Ukwati watha, mwatopa ndi pelekanipelekani, ndiye hoteloyo ikhale yopumiradi. Mtauni muli Ryalls, Amaryllis ndi Sunbird Mount Soche, zonse zili pafupipafupi, ndiye musangodalira zithunzi za pa Facebook ayi, pitani mukaone chipindacho ndi maso.

Funso loyamba, kodi loweruka limenelo kuholo kuli ukwati kapena msonkhano? Mahotelo amtauni amadalira zimenezi, ndipo ngati chipinda chanu chayandikana ndi holo mumva DJ mpaka usiku, pemphani cham'mwamba chakutali ndi msewu, chikakhala choyang'ana phiri la Ndirande ndiye bwino kwambiri.

Funsaninso za jenereta magetsi akazima, komanso ngati mtengowo waphatikiza VAT ndi bulekifasi. Pobukitsa nenani kuti ndi hanemuni, ena amakongoletsa chipinda.