Momwe mungasankhire suspension yakutsogolo ya pikapu yakale yomwe mwaitsitsa

Hilux yomwe ndimayendera kuno ku Dedza inali ya malume anga. Kwa zaka zambiri inkanyamula mbatatesi ndi kabichi kuchokera ku Bembeke kupita nazo ku Lilongwe. Atandisiyira ndinaipentanso, n'kuika marimu atsopano, kenako mtima unafuna kuti ikhale pansi pang'ono ngati zija timaona pa Facebook. Makaniko wina anangolowa kunsi ndi sipanala, n'kumasula mabawuti awiri, galimoto n'kutsika. Kukongola kwake kunalibe mawu. Koma hampu yoyamba pa M1 popita ku Lizulu inandigwedeza mpaka ndinadziluma lilime, ndipo miyezi inayi isanathe matayala akutsogolo anali atadyeka mkati mpaka waya kuonekera, kunja kwake kukadali kwatsopano.

Vuto silinali kutsitsako. Vuto linali lakuti tinalanda tayala mpata woti lizikwera likagunda chinthu. Nkhani yonse yosankha zipangizo zakutsogolo yagona pa mpata umenewu.

Choyamba, gwadani muone zomwe zili kunsi

Musanatchule dzina la chipangizo chilichonse kwa wogulitsa, dziwani mtundu wa suspension, yomwe ndi miyendo ya galimoto yanu, chifukwa zimasiyana kwambiri.

Nissan 1400, ija idapangidwa ku South Africa mpaka chaka cha 2008, ili ndi ma strut: sipuling'i yozungulira ndi shock zili pamodzi ngati mwendo umodzi wolunjika m'mwamba. Peugeot 504 nayonso ndi choncho. Hilux yakale yokoka ndi matayala akumbuyo okha, kuyambira mtundu wa 1978, ili ndi mikono iwiri mbali iliyonse, wapamwamba ndi wapansi, ndipo m'malo mwa sipuling'i yozungulira ili ndi torsion bar, chitsulo chachitali chogona motsata chasisi chomwe chimapotoka tayala likakwera. Datsun 720 ndi Isuzu KB zambiri zimayenderanso torsion bar. Ngati yanu ndi 4x4 yakale yokhala ndi ekiselo yamphumphu kutsogolo, isiyeni momwe ilili. Imeneyo idabadwira ku Mayani ndi ku Lobi nthawi ya dzinja.

Chachiwiri, yezani

Imikani galimoto pa simenti yosalala, matayala ali ndi mpweya wokwanira, thanki ili ndi mafuta pafupifupi theka. Ndi tepi ya telala yomwe, yezani kuchokera pakati pa rimu kufika pa mlomo wa madigadi, mbali zonse ziwiri, n'kulemba. Yezaninso kuchokera pansi kufika pa chitsulo chotsikitsitsa, kaya ndi sampu kaya ndi mtanda wa chasisi.

Ndiye yang'anani kamphira kotchedwa bump stop, komwe mkono umakagunda tayala likakwera mpaka pamapeto. Lowetsani zala pakati pa kamphirako ndi chitsulo chomwe kamagundapo. Pa Hilux yanga tsiku lija ngakhale chala chimodzi sichinkalowa. Chitsulo chinali chitapukutika n'kumawala, kamphira katang'ambika pakati ngati chigumu chopsa. Galimoto inkayenda itakhalira mphira, torsion bar isakugwira ntchito n'komwe. Kwa ine, pa misewu yathu ino, zala ziwiri ndiye zochepetsetsa.

Pali kanjira kena kotsika mtengo. Mangani cable tie, kalamba kapulasitiki komangira mawaya, pa ndodo yowala ya shock ngati ikuoneka, itsitseni mpaka ikhudze thupi la shock, kenako yendani msewu womwe mumayenda masiku onse. Pobwera onani pomwe yakankhidwira. Ikafika pamwamba penipeni, ndiye kuti shock ikutha yonse n'kumadzigunda mkati.

Onaninso mkono wapansi muli kutsogolo kwa galimoto. Uyenera kukhala wogona mofanana ndi nthaka kapena wotsikira pang'ono ku tayala. Ukakhala kuti ukukwera polowera ku tayala, mwatsitsa mopitirira, ndipo tie rod, kandodo kolumikiza chiwongolero ndi tayala, nayo yapendekeka. Zikatero tayala limadzikhotera lokha likagunda dzenje, chiwongolero n'kumakulandani m'manja.

Chachitatu n'chachidule: chotsani zakutha kaye. Kwezani galimoto, iikeni pa zochirikiza zachitsulo, osati pa jeki yokha kapena pa njerwa, gwedezani tayala pamwamba ndi pansi, kumanzere ndi kumanja. Ball joint (mfundo yolumikiza mkono ndi chitsulo chonyamula tayala), tie rod end, mabushi ndi mabering'i zikakhala zikusewera, chipangizo chodula chomwe mungaike pamwamba pake sichikuthandizani. Onaninso dzimbiri pomwe mikono imamangirira ku chasisi.

Chachinayi, sankhani njira yotsitsira

Apa ndi pomwe ndalama zimapita, ndiye tiyeni tifatse.

Kumasula mabawuti a torsion bar n'kwaulere, n'chifukwa chake aliyense amayambira pamenepo. Anthu ambiri amaganiza kuti kumalimbitsa kapena kufewetsa galimoto. Ayi. Chitsulocho kulimba kwake n'komweko, chomwe chasintha ndi pomwe mkono wapumira. Kuuma komwe mumamva ndi mkono ukugunda mphira. Kutsitsa masentimita awiri kapena atatu mwanjira imeneyi kulibe vuto lalikulu, makamaka mukaika bump stop yaifupi. Kupitirira apo mwayamba kudya mpata uja, ndipo ball joint yapamwamba imagwira ntchito itapindikira kumapeto kwake.

Njira yomwe ndimaikonda pa magalimoto a mikono iwiri ndi drop spindle. Ichi ndi chitsulo chomwe tayala limazungulirapo, koma chopangidwa mwakuti msomali wa tayala uli m'mwamba kuposa poyamba, nthawi zambiri mainchesi awiri, omwe ndi pafupifupi masentimita 5. Tayala limakwera kulowa m'madigadi, thupi n'kutsika, koma mikono, torsion bar ndi shock zimatsala pomwe fakitale idaziika. Mpata wonse umabwerera. Pali chenjezo limodzi lalikulu: mkono wapansi ndi ball joint zimayandikira nthaka. Onetsetsani kuti palibe chitsulo chomwe chatsika kupitirira mlomo wa rimu, apo ayi tsiku lomwe tayala lidzaphulike chitsulocho n'chomwe chidzakumbe phula, ndipo galimoto simudzaiwongola. Marimu ang'onoang'ono nthawi zina amakhulanso ku mkono, ndiye funsani kukula kwa rimu komwe spindle imeneyo imafuna musanalipire.

Palinso mikono yapansi yopangidwira kutsitsa. Imagwira ntchito, koma imayandikitsanso zitsulo ku miyala.

Kwa a Nissan 1400 ndi anzawo a ma strut, drop spindle si nkhani yanu, chifukwa msomali wa tayala udalumikizidwa ku strut. Inu mukufuna masipuling'i opangidwa aafupi kuchokera ku fakitale, olimbirapo pang'ono kuti galimoto isamafike pansi msanga, pamodzi ndi ma shock aafupi olowa mkati mwa strut. Ma coilover, omwe ndi shock ndi sipuling'i pamodzi zokhala ndi mazinga, amakulolani kukweza ndi kutsitsa pozunguza mphete, ndipo n'zosangalatsa kwa munthu amene chilimwe amafuna kukhala pansi, dzinja n'kukweza. Koma fumbi ndi matope zimamanga mazinga ake, ndiye amafuna kutsukidwa ndi kupakidwa girizi kawirikawiri. Ngati pakufunika kuwotcherera pa strut, pitani kwa munthu amene adachitapo kale ndipo mwaona ntchito yake ikuyenda pamsewu.

Kudula sipuling'i ndi grinder ndimakukana. Mnzanga wina wa ku Ntcheu adadulitsa zake, ndipo tsiku lina tikukweza galimoto yake ndi jeki, sipuling'i inangoti gwede m'mbale mwake, yomasuka moti ndinaizunguza ndi dzanja. Zikachitika zimenezo muli pa liwiro, tayala litalendewera pa dzenje, imabwerera itakhala pambali. Kuotcha ndi moto wa gasi kuti itsike n'koipa koposa: chitsulo chimataya mphamvu yake, chimapitiriza kutsika mbali imodzi, mapeto ake chimathyoka. Za matumba a mpweya zija zokwera ndi batani, n'zokongola pa chionetsero, koma paipi ikaboola muli pa Chimbiya usiku, galimoto imakhala pansi ndipo palibe shopu yoti ikuthandizeni.

Chachisanu, ma shock agwirizane ndi msinkhu watsopano

Mukaika drop spindle, ma shock autali wakale amakwana. Mukatsitsa ndi sipuling'i kapena torsion bar, mufunika aafupi. Musagule potchula dzina la galimoto lokha. Yezani mtunda wa pakati pa mabawuti awiri a shock galimoto itaima, kenako itakwezedwa tayala likulendewera, ndipo mutenge tepi popita ku shopu. Shock yabwino imatsala ndi mpata wokwera ndi wotsika, ndipo bump stop iyenera kugunda shock isanathe. KYB, Monroe ndi Gabriel ndi mayina odziwika, koma zabodza zovala mayina omwewo ziliponso. Ikanikizeni ndi manja: iyenera kukana mofanana njira yonse, popanda malo ofewa kapena kulira kwa thovu mkati.

Pa mabushi, a polyurethane amakhalitsa ndipo amalimbitsa chiwongolero, koma amabweretsa msewu wonse m'msana ndipo amalira akauma girizi. Pa mikono ine ndinabwerera ku mphira wamba.

Pogula, ku Malangalanga ku Lilongwe mupeza ball joint, mabushi ndi ma shock. Nyamulani chakale kuti mufananize pa kauntala. Ma drop spindle ambiri amapangidwira magalimoto a msika wa ku America, ndipo Hilux ya kuno ikhoza kusiyana pa mabuleki kapena kukula kwa ball joint ngakhale chaka chili chimodzi. Tumizani nambala ya chasisi ndi zithunzi za spindle yanu musanatumize ndalama, ndipo muwerengeretu mtengo wonyamulira ndi msonkho wa MRA.

Pomaliza, kumanga ndi kuyesa

Ma torsion bar ali ndi chizindikiro cha kumanzere ndi kumanja, musawasinthanitse. Powasintha msinkhu, galimoto ikhale yokwezedwa, ndipo muwerenge mazinga kuti mbali zifanane. Sipuling'i yozungulira imasulidwe ndi chopanira chake, osati ndi waya. Mabawuti a mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsika n'kukhala pa matayala ake, chifukwa mukawamanga ili m'mwamba mphira imakhala yopotoka ndipo imang'ambika msanga. Zungulizani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, muone kuti mapaipi a mabuleki sakukokeka ndipo tayala silikukhula.

Tsiku lomwelo kapangitseni alignment, komwe ndi kuwongola matayala, muwauze kuti galimoto ndi yotsitsidwa kuti aone kupendekeka kwa tayala, osati kulunjika kokha. Konzaninso magetsi akutsogolo, chifukwa mphuno ikatsika kuwala kumathera pafupi, ndipo pa chifunga cha Dedza mwezi wa June mumafuna mita iliyonse. Ku COF, komwe amayesa ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, amayang'ananso zomwezi.

Yesani pang'onopang'ono m'tauni, kenako pa mahampu, kenako ndi katundu yemwe mumanyamula nthawi zonse. Ine ndinakayesera yanga potsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, pa giya yotsika, zenera lotsegula kuti ndimve ngati pali chogunda m'makona aja. Pakatha sabata ziwiri, mangitsaninso mabawuti onse, yezaninso msinkhu ndi tepi ija, n'kuyendetsa chikhatho pa tayala kuchokera kunja kulowa mkati. Mukamva mano akuthwa mbali imodzi, bwererani kwa wa alignment tayala lisanathe.