Momwe mungasankhire glider ya rimoti yotsika mtengo osataya ndalama

Masana a mwezi wa October, dzuwa likamaswa mtengo, kabawi amazungulira m'mwamba kwa nthawi yaitali osakupiza mapiko. Chimene chimamukweza ndi mpweya wotentha wochokera pa nthaka. Glider ya rimoti imauluka motero: ndi kandege ka mapiko aatali, kopepuka, kamene mumakawongolera muli pansi. Ine masewerawa ndimawakonda, ndipo zimandipweteka ndikaona munthu wasonkhanitsa ndalama miyezi ingapo, n'kugula chidole chimene chikathyoke tsiku loyamba lomwe. Nayi njira yosankhira.

Choyamba, musathamangire timabokosi totchipa kwambiri tapaintaneti. Pali tindege tating'ono ta mapiko osafika theka la mita, tokhala ndi timamota tiwiri, timene timakhota pochepetsa mphamvu ya mota imodzi. Mchira wake sugwedezeka ayi. Mukangozimitsa mota, kandegeko mulibe nako ulamuliro, ndipo kamphepo kapang'ono kamakatengera m'munda mwa eni ake. Kwa mwana kuseweretsa pakhomo n'kabwino, koma si glider, ndipo rimoti yake simungaigwiritse ntchito pa ndege ina.

Chachiwiri, yang'anani kutalika kwa mapiko. Kwa oyamba, sankhani ya mapiko apakati pa mita 1.4 ndi mamita 2 kuchokera nsonga kufika nsonga. Ambiri amaganiza kuti yaing'ono ndiyo yosavuta, koma si zoona. Yaikulu imauluka mofatsa, imaoneka bwino ikapita patali, ndipo imakupatsani mpata woganiza musanagwedeze ndodo ya rimoti. Onaninso m'mene mapikowo akhalira. Ngati nsonga zake zapindikira m'mwamba mukaiyang'ana kutsogolo, ndege yotero imadziwongola yokha mukasiya ndodo. Ya mapiko owongoka ngati thabwa ndi ya anthu ozolowera.

Chachitatu ndi chimene ndege yapangidwa nacho, ndipo apa ndichedwepo chifukwa ndi pamene ndalama zimapulumukira kapena kuthera. Mudzaigwetsa, osati kamodzi. Aliyense amagwetsa. Ndiye funso lenileni ndi lakuti: ikagwa, ndidzaikonza ndi zimene ndingapeze kuno? Ndege za mtengo wa balsa zimauluka mokoma, koma zikamenya pansi zimasweka tizidutswa, ndipo balsa sapezeka wamba m'magolosale athu. Za carbon n'zodula kwambiri. Sankhani ya foam, makamaka imene yalembedwa kuti EPO kapena EPP. EPP ndi yofewa, imapindika n'kubwerera m'malo. EPO ndi yosalala ndiponso yolimbirapo. Zonse ziwiri zikathyoka mumamata ndi guluu wotentha kapena epoxy, n'kukulunga tepi, mawa lake ndege ili m'mwamba. Pewani foam yoyera yofumbutuka ngati imene imatchingira TV m'katoni. Imeneyo guluu wina, monga super glue wamba, amaisungunula.

Chachinayi, sankhani yokhala ndi mota. Zilipo ma glider zopanda mota, zoponya ndi dzanja kapena zokoka ndi chingwe cha mphira, ndipo zina zimafuna phiri lowombedwa ndi mphepo. N'zosangalatsa, koma wophunzira amafuna mota yomupulumutsa ndege ikatsika kutali. Matchanelo atatu, kutanthauza zinthu zitatu zimene rimoti imalamulira, akukwanirani: mota, chiwongolero cha kumchira chokhotera kumanja ndi kumanzere, ndi chokwezera kapena kutsitsira mphuno. Radian ya kampani ya E-flite, ya mapiko a mamita 2, ndi chitsanzo chodziwika cha mtundu umenewu. Palinso zina monga EasyStar ya Multiplex ndi Bixler ya HobbyKing, zimene mota yake ili pamsana kumbuyo kwa mapiko. Ine ndimalimbikitsa zimenezi kwa munthu amene ali kutali ndi sitolo ya zipangizo, chifukwa ndege ikagwa chamutu, mota ndi propela sizikhudzidwa. Ngati mota ili kumphuno, onetsetsani kuti propela yake ndi yopinda ikaima.

Chachisanu, werengani zilembo za pabokosi musanasangalale ndi mtengo. RTF ndiye kuti zonse zilimo, rimoti yomwe. PNP ndiye kuti mota ndi ma servo (timamota tating'ono togwedeza ziwongolero) zilimo, koma rimoti, risiva (kachipangizo ka m'ndege kolandira uthenga wa rimoti), batire ndi tchaja mugula padera. BNF ili ndi risiva kale, koma imangomvana ndi rimoti ya mtundu wake, kawirikawiri Spektrum. KIT ndi thupi lokha la ndege. Anthu ambiri amapusitsika apa: amaona PNP yotchipa, katundu n'kufika, kenako n'kuzindikira kuti alibe choulutsira. Lembani papepala zinthu zonse zisanu, ndege, rimoti ndi risiva yake, batire, tchaja ndi ndalama yotumizira, ndipo muwonjezepo msonkho wa MRA ngati mukuitanitsa kunja. Mtengo weniweni ndi umenewo.

Ine ndikadakhala inu ndikadagula PNP ndi rimoti yapadera ya 2.4GHz, monga FlySky FS-i6 imene ili ndi matchanelo 6 ndipo ndi imodzi mwa zotchipa. Ndege idzatha, koma rimoti idzaulutsa ndege yachiwiri ndi yachitatu. Poitanitsa mudzafunsidwa Mode 1 kapena Mode 2, kutanthauza m'mene ndodo za rimoti zaikidwira. Pa Mode 2 ndodo ya mota ili kumanzere. Ngati muli ndi mnzanu wokuphunzitsani, tengani yofanana ndi yake.

Chachisanu ndi chimodzi, batire. Ndege izi zimagwiritsa ntchito batire za LiPo, kawirikawiri 2S (ya maselo awiri) ya mavoti (volts) 7.4 kapena 3S (ya maselo atatu) ya mavoti 11.1. Tsatirani kukula kumene wopanga ndege walemba, chifukwa kulemera kwa batire ndiko kumalinganiza ndege. Gulani ziwiri, ndi tchaja yolinganiza maselo. Selo iliyonse isapitirire mavoti 4.2 potchaja, ndipo ngati mukhala masabata osaulutsa, isungeni pa mavoti pafupifupi 3.8. LiPo yotupa kapena yobowoka imayaka moto woopsa, choncho tchajani pa simenti, inu muli pomwepo, osati pa mphasa kapena pa bedi. Tchaja zambiri zimalandira mavoti 12, ndiye magetsi akathima batire ya galimoto kapena ya sola imagwira ntchito. Ngati wachibale akukubweretserani kuchokera ku Joni pa ndege, batire aziike m'chikwama chonyamula m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi.

Pa oda yomweyo ikanimo propela ziwiri zapadera ndi servo imodzi kapena ziwiri. Tinthu timeneti n'totchipa, koma kamodzi kakathyoka ndege imakhala pakhoma miyezi mukudikira phukusi.

Yogwiritsidwa kale ntchito si yoipa. Ku South Africa kuli makalabu ambiri a masewerawa, ndipo anthu amagulitsa ndege zawo zakale. Zipsera za guluu zisakuopseni. Chofunika n'chakuti mapiko asakhale opotoka, ma servo aziyenda osanjenjemera, ndipo batire yakale musalipire, mugule yatsopano.

Ndege isanafike, ikani PicaSim pa foni kapena pa kompyuta. Ndi pulogalamu yophunzirira kuulutsa ma glider, ndipo ilipo yaulere. Chovuta kwa aliyense woyamba n'chakuti ndege ikamabwera kwa inu, kumanja kumasanduka kumanzere. Zala zizolowere zimenezi pa foni.

Tsiku loyamba, ikani batire, nyamulani ndege ndi zala ziwiri pansi pa mapiko, pa malo amene kabuku kake kasonyeza. Ikhale yolingana kapena mphuno itsike pang'ono. Mchira ukalemera musaiponye. Pitani m'mawa kwambiri pa bwalo lalikulu lopanda mitengo, mawaya a ESCOM kapena ana ambiri, kutali ndi mabwalo a ndege monga la ku Chileka ndi la Kamuzu, ndipo mufunse kaye ku ofesi yoona za ndege ngati malamulo a ma drone akukhudza ndege yanu. Miyezi ya June ndi July mwera umawomba mwamphamvu, choncho dikirani tsiku labata. Ponyani ndege moyang'anizana ndi mphepo, molunjika, osati chokweza. Ikafika pamwamba zimitsani mota, ndipo mukaona kabawi akuzungulira chapafupi, itsogolereni komweko.